Kaundula wa makina: kuchokera pa pepala la Teletype kufika ku Zemba

Chipatala chilichonse cha kumudzi chimene chimasunga katemera chimakhala ndi pepala lomatidwa pafiriji kapena pakhoma pafupi nayo. M'mawa wogwira ntchito amayang'ana kuzizira kwa m'kati n'kulemba nambala, madzulo n'kubwerezanso. Katemera wambiri wa ana amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo lamulo limeneli ndi limodzi ku Lusaka, ku Chipata ndi ku Zemba m'boma la Chadiza. Tsiku limene zonse zili bwino, nambala zija zimangokhala. Zimadzagwira ntchito tsiku lina, a ku ofesi ya zaumoyo akafika n'kufunsa kuti firiji inayamba liti kutentha, ndiponso ngati katemera wa m'katimo angabayidwebe ana kapena atayidwe. Munthu akhoza kuiwala, akhozanso kudziteteza. Pepala lija linalembedwa nthawi imene panalibe wodziwa kuti funso lidzabwera, n'chifukwa chake limakhulupirika.

Chizolowezi cholemba chinthu pa nthawi imene chachitika si chachilendo kuno kum'mawa kwa Zambia, ngakhale chinalowa ndi mbiri yowawa. Mabuku oyamba amene anakhudza moyo wa makolo athu anali a msonkho. Kampani ya British South Africa Company itakhazikitsa likulu lake ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, amithenga ndi makalaliki ankayenda mudzi ndi mudzi kuwerenga nyumba ndi amuna kuti adziwe wolipira ndi wozemba. Mzungu woyang'anira boma ankasunga buku lotchedwa District Notebook, m'mene ankalembamo za mafumu, malire, mvula, njala ndi milandu, kuti wodzamulowa m'malo apeze poyambira. Mabuku amenewo ali ku National Archives of Zambia ku Lusaka, ndipo olemba mbiri amawawerenga ndi maso awiri, podziwa kuti wolembayo ankasankha zimene zinali ndi phindu kwa iye. Ufulu utabwera, lamulo la mu 1971 lolembetsa ndi kutukula midzi linafuna kuti mudzi uliwonse ukhale ndi kaundula wa anthu ake, ndipo udindowo unagwera mafumu. Kusukulu mphunzitsi wamkulu ali ndi buku lolembamo tsiku limene woyendera masukulu anabwera ndi tsiku limene mphepo inasasula denga. Kuchipatala kuli kaundula wa odwala, wa sikelo, wa amayi oyembekezera. Ngakhale mtsikana wogwira ntchito m'kanyumba ka Airtel Money kapena MTN amalemba nambala ya foni ndi ndalama m'kope lake, chifukwa akudziwa kuti mawa wina adzabwera kudzati ndalama zake sizinafike.

Makompyuta atalowa m'zipatala, m'masukulu ndi m'maofesi a boma, anabwera ndi kaundula wawo, amene anthu a ntchitoyi amati log. Ambiri ogwiritsa ntchito makinawo sanamuonepo. Koma kompyuta imalankhula nthawi zonse. Imanena kuti yazindikira disiki, kuti netiweki yaduka, kuti wina walemba mawu achinsinsi olakwika katatu, kuti malo osungira zinthu atsala pang'ono kudzaza. Funso limene lavutitsa akatswiri kwa zaka zoposa 50 ndi lakuti mawu amenewo azipita kuti. Akangooneka pa sikirini n'kuzimiririka popanda wowerenga, ndiye kuti apita pachabe. Ine ndimaona kuti funsoli ndi lolemera ku malo ngati Zemba kuposa ku California kumene mayankho ake ambiri anachokera, chifukwa kuno wodziwa kukonza makina sakhala pafupi pa ola limene makinawo akudandaula.

Pachiyambi kaundulayu ankalembedwa ndi dzanja. Makina a Mark II a ku yunivesite ya Harvard anali ndi buku limene oyendetsa ankalembamo ola ndi chimene chachitika. Pa 9 September 1947, nthawi ili 15:45, anapeza njenjete itapanikizika mu relay nambala 70, ndipo anaimata patsamba la bukulo. Tsambalo lili ku Smithsonian mumzinda wa Washington. Njenjete ndi imene inatchuka, koma wophunzira ntchitoyi ayang'ane mizere yoizungulira: maola olembedwa motsatana kuyambira m'mawa, kuyesa kwakuti kunayamba, kwakuti kunaima. Anthu amenewo ankadziwa kale kuti makina ovuta sungawakonze osadziwa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira.

Pambuyo pake makina anayamba kudzilembera okha. Kompyuta yaikulu iliyonse inali ndi console, malo amene woyendetsa ankakhala popereka malamulo, ndiponso kumene makina ankatumiza madandaulo ake ofulumira. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, console nthawi zambiri inali taipilaita yamagetsi. Yotchuka inali Teletype Model 33 ya mu 1963, yolemba zilembo 10 pa sekondi pa mpukutu wa pepala, phokoso lake lomveka chipinda chonse. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, amene anayambitsa Unix ku Bell Labs mu 1969, ankagwira ntchito pa makina otere. Masiku amenewo panalibe nkhani yotumiza mawu a console ku kaundula, chifukwa console yeniyeniyo ndiyo inali kaundula. Chilichonse chimene makina ananena pakati pa usiku chinkapezeka m'mawa chitalendewera pansi. Makina akafa, mawu awo omaliza ankakhala pa mzere wotsiriza wa pepala, ndipo magetsi akathima inki sinkafufutika. Woyendetsa ankang'amba pepalalo, kulipinda, kulembapo deti n'kuliika m'kabati.

Kenako kunabwera sikirini, ndipo anthu anailandira ndi manja awiri. Inali yachangu, yopanda phokoso, yosafuna pepala kapena riboni. VT100 ya kampani ya DEC, imene inatuluka mu 1978, inkaonetsa mizere 24, uliwonse wa zilembo 80. Mtengo wa chitukukocho unadziwika pambuyo pake. Mzere wa 25 ukafika, woyamba unkakwera pamwamba n'kutayika osabwereranso. Woyendetsa akatuluka kukamwa tiyi, chenjezo lakuti disiki yayamba kulephera kuwerenga linkadutsa osaonedwa. Olemba mapulogalamu ankayesa kudzithandiza, aliyense kulemba fayilo yake pamalo ake ndi kalembedwe kake, moti wofufuza vuto ankasonkhanitsa zidutswa zosagwirizana ngakhale pa kalembedwe ka ola.

Amene anakonza chisokonezochi sanayambe n'cholinga chokonzera dziko lonse. Eric Allman, ali ku yunivesite ya California ku Berkeley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ankalemba Sendmail, pulogalamu yonyamula makalata a pa kompyuta. Kalata imadutsa makina angapo isanafike, ndipo ikasowa pamafunika kudziwa pamene inaonedwa komaliza. Allman analemba kachida kothandiza Sendmail kusunga mbiri imeneyo, n'kukatcha syslog. Ena ataona kuti n'kothandiza anayamba kukagwiritsa ntchito, ndipo pofika 4.3BSD ya mu 1986 pulogalamu ya syslogd inali itakhazikika m'kati mwa Unix ya ku Berkeley. Nzeru yake inali yolekanitsa wonena ndi wosunga. Pulogalamu imene ili ndi chonena sisankha kumene uthenga upite. Imangouika zizindikiro ziwiri, chimodzi chonena kumene wachokera, china chonena kukula kwa vuto, n'kuupereka kwa syslogd. Mwini makina ndi amene amalemba, mu fayilo ya /etc/syslog.conf, kuti uthenga wa mtundu wakuti upite kwakuti.

Zizindikirozo zikugwirabe ntchito lero m'makina osawerengeka, kuphatikizapo rauta imene imabweretsa intaneti mu ofesi, choncho n'zoyenera kuzidziwa. Kukula kwa vuto kuli ndi masitepe 8, kuyambira 0 mpaka 7, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yoopsa. Pa 0 pali emerg, kutanthauza kuti makina sangagwirenso ntchito. Kenako alert, crit, err, warning, notice, info, ndipo pa 7 pali debug, tinkhani tating'onoting'ono timene amafuna wolemba pulogalamu yekha. Kochokera uthenga nako kuli ndi mayina ndi manambala: kern ndi 0, wa kernel, mtima wa makina, mail ndi 2, daemon ndi 3, auth, wa zolowa ndi mawu achinsinsi, ndi 4. Manambala 16 mpaka 23 anasiyidwira mwini makina kuti agawire mapulogalamu ake. Awiriwa amaphatikizidwa kukhala nambala imodzi pochulukitsa wa kochokera ndi 8 n'kuwonjezera wa kukula, moti vuto la err la makalata limayenda ndi nambala 19. Mu syslog.conf mzere uliwonse uli ndi mbali ziwiri. Kumanzere kumalembedwa uthenga wofunidwa, kumanja kumene upite: fayilo, console, munthu amene walowa m'makina, kapena kompyuta ina ya pa netiweki. Oyamba kumene ntchito ankakodwa pa tinthu tiwiri. Mapulogalamu akale a syslogd ankafuna kuti pakati pa mbali ziwirizo pakhale tab, ndipo wongosiya mpata wamba ankapeza mzere wake sukugwira ntchito. Komanso ambiri sankapanga okha fayilo yatsopano, moti ngati mwini sanaipange, uthenga unkasowa kolowera.

Ngakhale ndi syslog, mpata umodzi unatsala, ndipo ndi umene umapweteka kwambiri kumidzi. Si mawu onse amene amadzera kwa syslogd. Ena amalembedwa molunjika pa console, makamaka a nthawi imene makina akudzuka: pulogalamu yofufuza disiki ikunena kuti yapeza mafayilo owonongeka, ntchito yakuti ikukana kuyamba, kachipangizo kakuti sikakuyankha. Mawu amenewa ndi amene amafotokoza bwino chimene chavuta, ndipo ndi amene amathamanga pa sikirini n'kutha munthu asanawerenge. Opanga FreeBSD anawonjezera dzina lina la kochokera, console, kuti chilichonse cholembedwa pamenepo chikhozenso kugwidwa. Mu syslog.conf yawo muli mzere wakuti console.info /var/log/console.log, koma umabwera wotsekedwa ndi chizindikiro cha #. Mwini makina amachotsa chizindikirocho, amapanga fayilo ya console.log, amaipatsa chilolezo cha 600 kuti woyang'anira makina yekha ndiye aziiwerenga, kenako amadzutsanso syslogd. Chilolezocho chili ndi chifukwa chake: munthu wofulumira amatha kulemba mawu ake achinsinsi pamalo a dzina, ndipo cholakwa chotere chikhoza kukathera mu log. Ntchito yonseyi sitenga mphindi zisanu, ndipo imabwezera makina chimene anali nacho m'masiku a pepala. Ku Linux, kernel imasunga mawu ake m'kachigawo ka RAM kozungulira, atsopano akufufuta akale, ndipo lamulo la dmesg limawaonetsa. Kuti akhalitse, pulogalamu ina imayenera kuwakopera mu fayilo, monga /var/log/kern.log kapena /var/log/messages. Marauta a Cisco nawo amalankhula pa console imene nthawi zambiri palibe chingwe cholumikizidwa, ndipo zimene asunga m'kati zimatha akazimitsidwa, pokhapokha atauzidwa kutumiza mauthengawo ku kompyuta ina.

Nkhani imene inaphunzitsa ambiri kulemekeza kaundula inachitika mu 1986 ku Lawrence Berkeley Laboratory. Clifford Stoll, katswiri wa za nyenyezi amene anapatsidwa ntchito yoyang'anira makompyuta, anauzidwa kuti afufuze kusiyana kwa masenti 75 m'mabuku olipiritsa nthawi yogwiritsa ntchito makina. Wina akanaona kuchepa kwa ndalamazo n'kuzisiya. Iye anazitsatira, n'kupeza kuti munthu wachilendo ankalowa m'makina awo n'kudutsira ku makompyuta a asilikali a America. Podziwa kuti wakubayo anali ndi mphamvu yowerenga ndi kusintha mafayilo a m'makinawo, Stoll anasonkhanitsa maprinta ndi ma terminal pafupifupi 50 n'kuwalumikiza ku mawaya a mafoni olowera, kuti chilichonse chimene mlendoyo alemba chizisindikizidwa pamalo amene iye sangafikepo. Ankasunganso buku lake la tsiku ndi tsiku. Njirayo inakafika kwa Markus Hess wa ku Hanover ku Germany, amene ankagulitsa zimene wapeza ku bungwe la akazitape la KGB, ndipo anaweruzidwa mu 1990. Stoll anafotokoza zonsezi m'buku la The Cuckoo's Egg la mu 1989. Akatswiri anatolapo mfundo imene syslog inali itaitsegulira kale khomo: kope la log lizitumizidwa ku kompyuta ina, kudzera pa port 514, nthawi yomweyo imene uthenga wanenedwa.

N'zodabwitsa kuti chida cha syslog chinagwira ntchito pafupifupi zaka 20 popanda chikalata chochifotokoza mwalamulo. Mu August 2001 Chris Lonvick wa ku Cisco analemba RFC 3164, imene inangofotokoza zimene anthu ankachita kale, ndi zofooka zake zomwe: deti lopanda chaka, ola losanena dera la dziko, uthenga wosapitirira mabaiti 1024, ndiponso kutumiza kopanda chitsimikizo chakuti wafika. Balázs Scheidler wa ku Hungary anali atayamba kale syslog-ng mu 1998, Rainer Gerhards wa ku Germany anayamba rsyslog mu 2004, ndipo Gerhards yemweyo ndi amene analemba RFC 5424 ya mu March 2009, imene inabweretsa deti lathunthu. Chakumapeto kwa 2011 Lennart Poettering ndi Kay Sievers anabweretsa journal ya systemd, yosunga mauthenga m'mafayilo amene amawerengedwa ndi lamulo la journalctl. Ambiri anaikana poyamba chifukwa ankakonda fayilo yowerengeka ndi maso, koma lero ili m'makina ambiri a Linux.

Kwathu kuno zinthuzi zinalowera ku mayunivesite. Ku University of Zambia makalata a pa kompyuta anayamba kuyenda cha m'ma 1991 kudzera pa FidoNet, makina akuimbirana foni pa maola oikika n'kupatsirana makalata. Mu 1994 yunivesiteyo inakhazikitsa ZAMNET, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa mayiko oyambirira kum'mwera kwa Sahara kulumikizidwa kwathunthu ku intaneti. Ku Malawi, njira ya FidoNet inadzera ku Chancellor College ku Zomba, kumene Paulos Nyirenda anagwira ntchito yaikulu. Woyang'anira makalata masiku amenewo, munthu akabwera kudzadandaula kuti kalata yake ya kunja sinafike, ankatsegula log n'kuona ngati foni inalumikizana usikuwo ndiponso pamene inadukira. Zipatala zinatsatira. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake, amene ntchito yawo inadziwika ndi dzina la Baobab Health, anaika masikirini ogwira ndi chala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central Hospital, akudalira maseva a Linux ndi mabatire chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Ku Zambia, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi CDC ya ku America unabweretsa SmartCare cha m'ma 2005. Inapangidwa kuti igwire ntchito ngakhale popanda intaneti: wodwala ankanyamula khadi lokhala ndi mbiri yake, ndipo zolembedwa za pachipatala zinkapita ku boma pa flash disk.

Makina akafika kutali chonchi, ubale wawo ndi wowakonza umasintha. Mumzinda seva ikavuta, katswiri amatsika masitepe n'kuiona ikadali yotentha. M'boma la Chadiza, limene limafika mpaka ku malire a Mozambique ku Chanida, katswiri amachokera ku boma kapena ku Chipata, ndipo amabwera galimoto kapena njinga yamoto ikapezeka, mafuta akapezeka, msewu ukalola m'nyengo ya dzinja. Akafika, kompyuta yazimitsidwa ndi kuyatsidwa kambirimbiri, ndipo amene analipo amangokumbukira kuti panatuluka zolemba zambiri zachizungu kenako inada. Sangadzudzulidwe, ntchito yawo ndi odwala kapena ana a sukulu. Apa log imagwira ntchito ya wodwazika matenda, uja amagona pansi pafupi ndi bedi n'kudzauza dokotala m'mawa kuti wodwala anasanza kangati, thupi linatentha nthawi yanji, ndipo anamwa chiyani zisanayambe. Dokotala wopanda wodwazika amangoyerekeza, ndipo katswiri wopanda log amafufuta zonse n'kuikamo pulogalamu mwatsopano, vuto lenileni likadali pomwepo. A zaumoyo anazindikira kale kufooka kwa kuyang'ana kawiri patsiku, n'chifukwa chake m'mafiriji ambiri a katemera muli kachida kolemba kuzizira kokha usana ndi usiku kwa masiku 30, monga Fridge-tag, kamene kamaonetsa ngati firiji inatentha kapena kuundanitsa katemera pa maola amene onse anali mtulo.

Mdani wamkulu wa log kuno ndi magetsi. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi a ku Kariba, ndipo ZESCO inafika pothimitsa magetsi maola 17 ndi kuposerapo patsiku. Kumene amadalira sola, mabatire akakalamba amatha mphamvu m'bandakucha, ndipo mvula yoyamba imabwera ndi mphezi. Kuzima kotere kumaulula makonzedwe amene mumzinda sakanaoneka. Pa makina ena a Linux, ngati palibe chikwatu cha /var/log/journal, journal imasungidwa mu /run, mmene ndi mu RAM, ndipo magetsi akathima mbiri yonse ya tsikulo imapita nawo. Kupanga chikwatucho, kapena kulemba Storage=persistent mu journald.conf, kumathetsa vutoli. Pa Windows, Event Viewer imasunga nambala zimene wokonza aliyense ayenera kuzidziwa pamtima: 6006 imasonyeza kuti makina anazimitsidwa bwino, pamene 6008 ndi 41 zimasonyeza kuti anazima mwadzidzidzi. Katswiri akaona 41 ikubwera tsiku ndi tsiku cha m'ma 4 koloko m'mawa, sataya nthawi ndi pulogalamu, amapita kukayeza mabatire a sola. Koma kuti aone zimenezo, wotchi ya makina iyenera kukhala yolondola, ndipo wotchiyo imadalira kabatire kakang'ono ka CR2032 ka pa bolodi. Kakatha, makina opanda intaneti yowakonzera nthawi amadzuka ali m'chaka china chakale, ndipo mizere ya log imasokonezeka dongosolo. Makompyuta ang'onoang'ono ambiri akale a Raspberry Pi alibe n'komwe wotchi yotere. Palinso vuto la kuchuluka: log yosadulidwa imakula mpaka kudzaza disiki n'kuimitsa pulogalamu imene inkayenera kuitumikira. Mapulogalamu a newsyslog ndi logrotate alipo chifukwa cha zimenezi, amatseka fayilo yakale, kuifinya n'kutaya zakale kwambiri. Amene akuika makina kumudzi aganizire kutalika kwa nthawi imene katswiri amatenga kuti abwerenso, chifukwa log yosunga masiku 7 ilibe ntchito kwa munthu wobwera kamodzi pamwezi.

Pali mawu ena amene ngakhale makonzedwe abwino a syslog sangawagwire. Kernel ikagwa kotheratu, imalemba chifukwa chake pa console n'kuima. Pulogalamu imene ikanakopera mawuwo mu fayilo imakhala itaima nayo limodzi. Njira imene yafala masiku ano ndi yakuti amene ali pafupi ajambule sikirini ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo ine ndimailemekeza njirayi, chifukwa yapulumutsa maulendo ambiri. Kufooka kwake n'kwakuti chithunzi chimagwira mizere yomaliza yokha, pamene chiyambi cha vuto chakwera kale pamwamba, monga zinkachitikira pa VT100. Akatswiri ali ndi njira zina. Yakale kwambiri ndi kulumikiza chingwe cha serial ku kompyuta yachiwiri imene imalemba zonse zimene yoyamba ikunena. Linux ili ndi netconsole, yoponya mawu a kernel pa netiweki molunjika osadikira pulogalamu ina, ndiponso pstore, yowabisa pamalo amene amapezekanso makina akadzuka. FreeBSD imatha kutsanulira zimene zinali mu RAM pa disiki, kenako savecore imaziika mu /var/crash.

Log ikhozanso kuphedwa dala, ndipo Amalawi akudziwa mtengo wake. Mu September 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti m'miyezi 6 yokha, kuyambira April mpaka September chaka chimenecho, boma linataya ndalama zoposa K13 biliyoni. Njira imodzi imene akuba ankagwiritsa ntchito inali kulowetsa malipiro abodza mu IFMIS, makina oyendetsera chuma cha boma, kutulutsa cheke, kenako kufufuta malipirowo m'makinamo. Macheke okhawo sakanafufutika, chifukwa anali atadutsa kubanki, kumene ofufutawo analibe ulamuliro. Ndi phunziro la Stoll lomwe lija. Kaundula amene ali m'manja mwa munthu yemwe akumuyang'anira ndi wofooka, ndipo izi n'zoona pa chuma cha dziko monganso pa kompyuta yolembera mankhwala kapena feteleza wa alimi. Mbali ina ya nkhaniyi ndi chinsinsi. Log ya makina a chipatala ikhoza kukhala ndi mayina a ogwira ntchito, manambala a odwala, ngakhale zimene anayezedwa, makamaka wolemba pulogalamu akaiwala kutseka debug. M'mudzi mmene aliyense amadziwa mnzake, fayilo yotere ikagwera pa foni yolakwika imawononga banja. Lamulo la Zambia la Data Protection Act la mu 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu lofuna chitetezo chapadera, ndipo fayilo ya log siili kunja kwa lamulolo.

Kutumiza kope kutali kunali kovuta kumene netiweki imabwera ndi kupita, chifukwa syslog yakale inkangoponya uthenga osafunsa ngati wafika, ndipo woponyedwa netiweki itaduka unkatayika. Mapulogalamu a rsyslog ndi syslog-ng anakonza zimenezi. Akhoza kuuzidwa kusunga mauthenga pamzere pa disiki, n'kudikira. Netiweki ikabwerera, kaya patapita ola kaya masiku atatu, amatumiza onse motsatana, uliwonse uli ndi nthawi imene unanenedwa, yolembedwa ndi chaka chake ndi +02:00 ya nthawi ya kwathu. Makina oikidwa motere ku Zemba akhoza kudandaula Loweruka usiku chipinda chili chokhoma, ndipo Lolemba m'mawa katswiri ali ku Chipata amawerenga kuti disiki inalephera kuwerenga malo akutiakuti, kapena kuti magetsi anaduka kanayi. Asananyamuke amadziwa ngati anyamule disiki yatsopano kapena batire, ndipo ulendo umene ukanakhala wokaona chabe umakhala wokakonza.